Anandikumbira damu lopanda pepala lapulasitiki pa makande: kukumba amatha, koma potsindira muziwaimirira

Damu langa ladutsa mvula imodzi yathunthu ndi chilimwe chimodzi lili ndi madzi, nde ndaona kuti pano ndikhoza kunena za anthu amene anandikumbira popanda kuwanamizira kapena kuwakometsera. Dzina la kampaniyo sinditchula, pali zina zomwe ndidandaule mmunsimu koma anabwera kudzakonza, sindikufuna kuwaipitsira mbiri. Ndi kampani yaing'ono, ali ndi katapila mmodzi wokumbira, bauza ya madzi, anyamata angapo, rola amachita kubwereka kwa ena. Pa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zinayi. Yachisanuyo anaitaya pa mita yomaliza ya khoma ndi pa paipi yotulutsira madzi.

Ndinkafuna damu lalikulu ndithu, mamita 40 mulitali, 25 mulifupi, pakati kuya mamita awiri ndi theka, losungira madzi amvula othirira mitengo ndi kumwetsa ziweto. Ukawerengetsa ndi mbali zake zotsetsereka madzi ake amafika malita pafupifupi 1.5 miliyoni. Damu la saizi imeneyi kuyala pepala lapulasitiki sindinafune, pepala lake pamafunika kulumikiza malo ambiri, chiboda cha ng'ombe chikapondapo labooka, ndipo mmphepete momwe limaonekera kudzuwa limauma nkumang'ambika pakapita zaka. Malo anga ndi a makande, aja akuda omata oti mvula ikagwa nsapato imatsalira momwemo, chilimwe amang'aluka mpaka dzanja kulowa. Nde maganizo anga anali oti dothi ili ndi dongo kale, tikumbe dzenje basi madzi akhala okha. Zomwe ndaphunzira ndi zoti dongo silisunga madzi chifukwa choti ndi dongo, limasunga ngati latsindiridwa lili ndi chinyezi, pang'onopang'ono, mosanjikiza.

Chomwe chinandikopa ndi bambo achikulire amene amayendetsa katapilayo, anyamata amangowatchula kuti madala. Tsiku loyamba ine ndinali nditakhoma kale zikhomo ndikufuna ayambe, iwo anakana. Anati, "Bwana, dothi lapamwambali ndaliona, koma madzi akagona pansi, tiyeni tione kaye pansipo." Anakumba maenje asanu oyesera, anayi mmakona limodzi pakati, lililonse mamita atatu, kupitirira pomwe pansi pa damu padzakhale. Anayi anali bho, dongo lokhalokha mpaka pansi, pamwamba lakuda kenako lotuwirako. Lachisanu, la kona yakumtunda, atafika mita imodzi ndi theka munatuluka mzere wa mchenga wosakanikira ndi nsangalabwi, kuchindikala ngati chikhatho basi, wonyowa. Anatsika mmakinamo, natapa dongo la dzenje lina, kulinyowetsa, kulifinya pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, likutuluka ngati lamba mpaka kupitirira masentimita 5 lisanaduke. Anaumba kampira, kukaponya mmwamba ngati theka la mita nkukawakha, osaphwanyika. Atachita chimodzimodzi ndi dothi la mzere uja linangoyoyoka mmanja. Anati mzere ngati umenewu ndi paipi yomwe inakwiriridwa kale, damu likaudula madzi azithawira momwemo usiku ndi usana. Tinasuntha damu lonse ndi mamita 15 kutsikira kumunsi. Maola a maenje amenewo ndinalipira ndipo sindidandaula olo pang'ono.

Ine panokha ndinayesanso ndi botolo, chifukwa ndimafuna ndione ndi maso anga. Umathira dothi mpaka theka, kudzaza madzi, kukhutchumula kwambiri nkulisiya. Mchenga umakhala pansi pa mphindi imodzi kapena ziwiri, matope osalala aja amatenga maola angapo, dongo lenilenilo limatha tsiku kapena kuposa likuyandamabe. Mukayeza mizereyo ndi rula mumadziwa. Pa damu lopanda pepala dongo lisachepere magawo 20 pa 100 aliwonse, likafika 30 mtima umakhala mmalo. Palinso kuyesa kwina komwe kampaniyi siinachite ndipo ndikanakonda akanachita: kutenga kachibuma kouma nkukaika pang'onopang'ono mu galasi la madzi amvula osagwedeza. Kakangofewa nkukhala pansi zili bwino, koma kakayamba kutulutsa kamtambo koyera ngati mkaka kuzungulira, dongo limenelo ndi lija limasungunuka mmadzi, limaboola makoma a madamu mkati mwake, ndipo limafuna gypsum, ufa woyera wa mwala wofewa womwe amasakaniza ndi dothi, musanamangire. Langa linatuluka bwino, mwayi.

Pa kukonza malo sindinganene choipa. Anachotsa dothi lapamwamba lonse, pafupifupi masentimita 30, pamodzi ndi udzu, mizu ndi zitsa, nkuliunjika pambali palokha osasakaniza ndi dongo. Muzu ukatsala mkati mwa khoma umaola nkusiya kanjira, nde madala amachita kuimitsa makina kuuza mnyamata akazule muzu umodzi waung'ono ngati chala. Panali chulu chakale pafupi ndi pomwe khoma limathera, anachifukula chonse mpaka pansi pomwe tinjira ta chiswe tinathera nkudzazamo dongo.

Malowa ndi otsetsereka pang'ono, nde kumunsi kunafunika khoma la mamita awiri. Asanaunjike kalikonse anakumba ngalande motsata pakati pa pomwe khoma lidzakhale, kuchokera mbali ina mpaka mbali ina nkulowanso mmtunda, yotakata moti rola ilowemo, yakuya mpaka inalowa theka la mita mu dongo lolimba. Ngalande imeneyi ndi yomwe imatseka madzi kuti asamadutse kunsi kwa khoma, pamalire a dothi lakale ndi latsopano. Ikakwiriridwa palibe amene angaione, nde amene akufuna kuthamanga amailumpha. Awa sanailumphe, ndipo sindinachite kuwauza.

Tsopano kutsindira, pomwe pagona nkhani yonse. Masiku amene madala anali pa makina ndipo rola ilipo, ntchito imayenda chonchi: katapila amamwaza dongo losapitirira masentimita 15 kapena 20, zibuma zikuluzikulu amaziphwanya ndi mano a bakete, bauza imawaza madzi, amadikira alowerere, kenako rola imadutsa kubwereza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ndipamene amathiranso lina pamwamba. Chinyezi amayesa ndi dzanja, akafinya dongo lizigwirana nkusiya zidindo za zala koma osatuluka madzi, akalibenthula lizigawika pawiri osanyenyeka. Likauma kwambiri zibuma sizigwirana, pakati pake pamatsala mipata olo pamwamba pazioneka posalala. Likanyowa kwambiri limangothawira mmbali ngati phala, rola ikungovina pamwamba. Rola yake si yosalala ya pamsewu ija, ndi ya mano, dzina lake ndi sheepsfoot, chimgolo chake chili ndi zitsotso ngati mapazi a nkhosa zomwe zimalowa mu dongo nkulikanda kuyambira pansi. Poyamba manowo amamira onse, ikamabwereza amayamba kuyandama, mpaka rola imayenda ngati yanyang'ama pamwamba, apo ndiye kuti patsindirika. Ubwino winanso ndi woti imasiya pamwamba pali tizibowo, nde dongo lotsatira limalumana ndi lapansi kukhala chinthu chimodzi. Yosalala imasiya pamwamba pa see ngati mbale, ndipo madzi amapeza njira pakati pa misanjikoyo.

Pansi pa damu penipeni anachitanso chimodzimodzi, sanangosiya mmene bakete inapalira. Anagalauza masentimita ngati 30, kunyowetsa, kutsindira. Pa kona yakumtunda mchira wa mzere wa mchenga uja unaonekerabe pang'ono, anaufukula nkuikapo dongo lochindikala masentimita 60. Pa madzi osapitirira mamita atatu, dongo lotsindira bwino la masentimita 30 limakwana, koma pamalo a mchenga anati tisaumire.

Nzeru imeneyi ndi yakale kwambiri, makina angoifulumizitsa. James Brindley, amene anagwira ntchito pa Bridgewater Canal ku England yomwe inatsegulidwa mu 1761, ankamata ngalande zake ndi dongo loponda ndi madzi, ndipo pa ntchito zoterozo anthu ankaponda ndi mapazi, pena nkuyendetsamo ng'ombe. Ndikamaona mano a rola aja akulowa ndi kutuluka ndimaona ziboda zomwezo. Kwa amene akukumba damu laling'ono ndi makasu, kuponda ndi mapazi kapena kutsindira ndi chipika kumagwirabe ntchito, bola dongo likhale lochepa pa ulendo umodzi.

Zinasokonekera sabata yachitatu. Ine ndinachokapo masiku atatu, mmbuyo muno madala anawatumiza kukayamba ntchito ina, mwini rola naye anabwera kudzatenga rola yake, pa makina anaikapo mnyamata wina. Pochoka ine khoma linali litatsala mita imodzi ndipo pa liwiro lija zikanatenga masiku anayi kapena asanu. Pobwera ndinapeza latha, lokongola, losalala, mizere ya tcheni cha katapila ili ndondondo pamwamba. Ndinatenga chitsulo chosongoka nkubaya. Mmunsi momwe munadutsa rola chimangolowa nsonga yokha, pamwambapo chinalowa theka la mkono osalimbana nacho. Mnyamata wina anandiuza chilungamo kuti amathira dongo lofika mmaondo kamodzi, louma, nkuyendetsapo katapila kawiri basi. Anthu ambiri amaona kulemera kwa katapila nkumaganiza kuti akupondereza kwambiri, koma matcheni aja anapangidwa kuti amwaze kulemerako makina asatitimire, nde amatsindira kapamwamba kokha. Paipi yotulutsira madzi anaiika masiku omwewo, anangoigoneka mu ngalande nkukwirira, popanda kolala, kachipupa kotchinga madzi mozungulira paipi, olo imodzi. Nditafunsa bwana wa kampaniyo anandiyankha kuti, "Achimwene musadandaule, dongo ili ndi labwino, mvula ikagwa likhazikika lokha." Yankho limeneli ndi lomwe landipangitsa kuchotsa nyenyezi, chifukwa amadziwa kuti si zoona.

Mvula itayamba damu linadzaza bwinobwino, madzi ali mmunsi palibe vuto. Atakwera kufika pa mita yomaliza ija ndinayamba kuona kuseri kwa khoma pali chigawo chonyowa chomwe sichimauma olo dzuwa liwale masiku atatu, ndipo mmbali mwa paipi, osati mkati mwake, mumatuluka kamadzi kochucha. Masiku oyamba kanali koyera. Kenako kanayamba kutuluka kotuwa, ndipo apa ndinasowa tulo, chifukwa madzi ochucha akakhala oyera ndiye kuti akungosefeka, koma akayamba kuda ndiye kuti akunyamula dothi la khoma, kanjira kakukula, ndipo khoma likhoza kuphulika tsiku limodzi. Kumunsi kwa ine kuli minda ya anthu.

Kuti ndikhale ndi umboni ndinachita za ndowa. Ndinadzaza ndowa ndi madzi a mdamu momwemo, kuiika mmphepete itamira theka kuti kutentha kufanane, kulemba mzere mu ndowa, nkukhoma ndodo ya masentimita mdamu. Pakatha maola 24 opanda mvula mumayerekeza. Zomwe zatsika mu ndowa ndi za dzuwa ndi mphepo, zomwe damu laposa pamenepo ndiye kudontha. Ndowa imatsika mamilimita 6, damu masentimita 4. Pa damu la masikweya mita 1,000 sentimita imodzi ndi malita 10,000, nde ndimataya malita oposa 30,000 tsiku lililonse kulowa mu khoma. Ndinajambula ndodoyo masiku asanu otsatizana nkuwatumizira pa WhatsApp.

Pa kuyankha foni anthu awa ndi ofooka, ndinene mosabisa. Masabata atatu ndikuimba, mawa, mkuja, makina ali kutali, dalaivala wa lole wadwala. Ine podikira ndinatsitsa madzi ndekha ndi paipi yokoka kudutsa pamwamba pa khoma mpaka anatsika kunsi kwa malo ochuchawo. Tsiku lomwe anabwera anabwera ndi madala. Anayenda pakhoma osalankhula, kubaya ndi chitsulo changa chomwe chija, kenako anati, "Bwana, apa tinakulakwirani, izi si zomata, nzophwasula." Mawu amenewo anandibwezera chikhulupiriro kuposa china chilichonse. Anasenda mita yonse yapamwamba, pa paipi anadula khoma motakasuka mpaka pansi, mbali zake mwa masitepe kuti dongo latsopano lilumane ndi lakale. Paipi anaiikira makolala awiri a simenti, tizipupa tozungulira paipi totuluka theka la mita mbali zonse, kuti madzi otsata kunja kwa paipi azikumana ndi chotchinga. Mozungulira paipi rola siifika, nde anyamata amatsindira ndi zipika ndi kakompakita kodumphadumpha kaja, dongo lochepa kwambiri pa ulendo umodzi, makamaka kunsi kwa mimba ya paipi komwe kumakonda kutsala mphako. Zinatenga masiku asanu ndi limodzi. Makina ndi anthu sanandilipiritse, ine ndinagula dizilo ndi simenti, ndipo olo ndinaona kuti dizilo samayenera kukhala wanga ndinavomera kuti ntchito ithe mvula isanabwerere.

Asanabwere, bwana uja anayesa kundinyengerera kuti tingomwaza bentonite mmadzi atseka yekha. Bentonite ndi dongo lenileni ndipo amagwira ntchito, uja wa sodium amafufuma kambirimbiri akanyowa nkutseka timipata, koma njira yake yodalirika ndi kuphwetsa damu, kumusakaniza ndi dothi, makilogalamu 5 mpaka 15 pa sikweya mita malinga ndi dothi lake, kenako kutsindira. Pa damu langa lonse amenewo ndi matani 5 mpaka 15. Kumwaza pamwamba pa madzi nkongoyesa mwayi, ndipo sikungakonze khoma lomwe mkati mwake muli zibuma zouma kapena mpata wotsata paipi. Bentonite ndi wa dothi lomwe dongo lachepa. Langa dongo silinachepe, chinachepa ndi kutsindira.

Zina ndingodutsamo. Mbali zamkati anazitsetsereka bwino, mamita atatu chopingasa pa mita imodzi yotsika, moti munthu kapena chiweto chikaterereka chimatuluka chokha, komabe ndinaika mpanda chifukwa cha ana. Pamwamba pa khoma ndi potakata mamita atatu, ndipo anaonjezera msinkhu pang'ono, gawo limodzi pa 10, poti khoma latsopano limatsika likamakhazikika. Potayira madzi osefukira anapaika pamalo oyenera, pambali pa dothi lomwe silinakumbidwe osati pakhoma, masentimita 60 kunsi kwa nsonga ya khoma, koma anapapanga popapatiza, mita imodzi ndi theka. Mvula yamphamvu yoyamba madzi anakwera mpaka ndinachita mantha, nde pokonza paja ndinawauza akuze kufika mamita anayi nkudzalapo kapinga. Za chilolezo sanandifunse nkomwe, ndinayendera ndekha, ndipo mmaiko ambiri damu la khoma lotere limafuna chilolezo cha oyang'anira madzi musanayambe.

Chomwe sanandiuze, ndipo amayenera kundiuza, ndi khalidwe la makande chilimwe. Dongo lomwelo lomwe limafufuma nkutseka likanyowa, likauma limakhwinyata nkung'aluka. Madzi atatsika, mbali zomwe zinakhala pamtunda zinayamba ming'alu, ina yolowa chala. Komwe anabwezerako dothi lapamwamba lija nkumera kapinga, monga kuseri ndi pamwamba pa khoma, kunalibe ming'alu yoopsa, nde ndinatenga dothi lotsala nkuyala masentimita 15 mpaka 20 mbali yamkati yakumtunda ndi kudzala kapinga mpaka pomwe madzi amalekezera. Pothirira sindipopa mpaka kuphwetsa, ndimasiya madzi osachepera theka la mita kuti pansi pasaone dzuwa. Mitengo pakhoma sindilola olo kamodzi kakang'ono, ndimazula ikangomera, ndipo sabata iliyonse ndimayenda kuseri kuyang'ana una wa nkhanu kapena mbewa, tinjira ta chiswe ndi pamalo pomwe udzu wabiriwira kuposa pena. Ziweto zimamwera mu chomwera kunja kwa mpanda, sizikwera pakhoma. Madzi miyezi yoyamba anali a matope, pano anadikha kapinga atagwira.

Chilimwe chathachi ndinabwereza za ndowa kangapo. Ndowa imatsika mamilimita 6 kapena 7, damu 9 kapena 10, masiku osapopa. Kusiyana kwa mamilimita atatuwo ndi kwa damu lililonse ladothi, palibe lomwe silimwa madzi olo pang'ono. Kuseri kwa khoma nkouma, pa paipi pouma.

Nde mukandifunsa ngati mungawaitane, ndingati eya aitaneni, koma zomwe ine ndinangogwirizana nawo pakamwa inu mulembe papepala: maenje oyesera, ngalande ya kunsi kwa khoma, dongo losapitirira masentimita 20 pa ulendo, rola ya mano ndi bauza zikhalepo mpaka tsiku lomaliza, makolala pa paipi, ndipo gawo lina la malipiro litsale mpaka damu litadzaza nkuyesedwa ndi ndowa. Masiku omanga khoma musachokepo, ngati simungathe siyanipo munthu wodziwa kubaya ndi chitsulo. Ine ndawaitananso, ndikufuna kadamu kakang'ono kumtunda kogwira matope asanalowe mu lalikululi, ndipo ndawauza kale kuti makina abwere tsiku lomwe madala ali omasuka sabata yonse, olo nditadikira mwezi.